Foni ya Enifa

Lolemba, 3 Juni 2024

Zipora wanyamuka. Ndege mpaka ku Mumbai, kenako sitima yopita ku tauni komwe kuli sukulu ya ulimi wothirira. Akakhalako mpaka Disembala.

Sitinasiyane bwino. Foni yake inagwera m'ndowa sabata yatha, ndiye dzulo anapempha ya malemu amayi ake. Ndinakana. Muli mawu a Enifa m'menemo, mauthenga amene ankajambulira anzake a kwaya asanadwale. Ndimamvera umodzi m'mawa uliwonse. Z. anati, "Adadi, amayi anapita. Ine ndilipo." Watenga kafoni ka mabatani.

Pa eyapoti wandipatsa dzanja ngati mlendo.

Lachiwiri, 4 Juni

Zii. Ndatonola chimanga tsiku lonse, foni yanga ili m'thumba la malaya.

Lachitatu, 5 Juni

Ndinapita pa Mitundu kukagula mayunitsi kwa a Shamimu. Achimwene awo anakhalako ku India chaka chatha ndi wodwala. Akuti kumeneko chilichonse ndi pa foni: tikiti ya sitima, galimoto, njira, ngakhale tiyi wa pamsewu umangolozetsa foni n'kumwa. "Ndiye inu mwana mwamutumiza ndi kafoni kounikira njoka?" Anaseka, koma ataona nkhope yanga anasiya.

Uthenga wa lero, Enifa akuuza mayi Lilian a kwaya kuti asaiwale chitenje cha buluu Loweruka. Kumbuyo kukumveka tambala wathu uja.

Lachinayi, 6 Juni

Ndaimbira ku ofesi imene inamutumiza. Akuti amene anapita kukamuchingamira ku Mumbai sanamuone. Akuti ndisadandaule, akufufuza.

Sindinadye.

Lachisanu, 7 Juni

Ndikayesa kuganiza India ndimangoona depoti ya ku Lilongwe, anthu ali piringupiringu, Z. ataima pakati ndi chikwama, palibe womuyankha. Ali mwana, tikapita ku msika ankagwira nsonga ya chitenje cha amayi ake. Ine sankandigwira, ndinkayenda patsogolo.

Kuzizira kwayamba. Juzi yake waisiya pa chingwe.

Loweruka, 8 Juni

Ku Nathenje kwa alamu a Esau, achimwene ake a Enifa. Ndinawapeza akusoka matumba a soya. Anamvetsera zonse osaleka kusoka, kenako anafunsa, "Alamu, nambala yanu mwanayu amaidziwa pamtima?"

Ndinati ili m'kafoni kaja.

"Kakatayika?"

Zaka zonse za ku sekondale ndi ku koleji Z. ankaimbira amayi ake. Ine ndinkangomva pamapeto, "Apatseni adadi ndiwapatse moni." Nambala imene ali nayo m'mutu ndi ya Enifa.

Ndinawauza kuti foniyo sinalumikizidwe pa intaneti chimwalirire mwini wake mu Epulo. Pa maliro munthu wina anandiuza kuti mafoni amenewa ukawalumikiza amadzikonza okha, zakale n'kufufutika. A Esau anati iwo za mafoni sadziwa, mwina ndi zoona, mwina ayi. "Koma mlongo wangayo akanamva kuti mukusunga mawu ake mwana akusowa, bwenzi atakuthamangitsani ndi mthiko."

Ndabwerera pa kabaza.

Lamulungu, 9 Juni

Ku tchalitchi sindinapite. Ndinakhala pakhonde n'kumvera mauthenga onse a Enifa, kuyambira woyamba. Wotsiriza akutsokomola, akupepesa kuti ku kwaya sabwera. Utatha ndinavala jekete n'kupita kwa a Shamimu. Anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Analowetsa bandulo, n'kundibwezera foni.

Inayamba kunjenjemera m'manja osaleka. Manambala achilendo, iliyonse yosiyana ndi inzake. Onse mauthenga a mawu a Z., pa mafoni obwereka.

Woyamba, pa foni ya mayi wosesa pa eyapoti. Chikwama chachikulu sichinafike, kafoni kali momwemo. Womuchingamira sakumuona. Akuyesetsa kuti asalire.

Wachiwiri, pa siteshoni. Tikiti anamutumizira pa foni yogwera m'ndowa ija. Waima pamzere kuyambira m'mawa ndi pepala lolembedwa dzina la tauni, akulionetsa kwa aliyense. Anthu akupukusa mutu, iye sakudziwa ngati akuvomera kapena akukana.

Wachitatu, m'sitima yolakwika. Banja lina lamugawira chapati ndi nyemba za tsabola woopsa, lamutsitsa pa siteshoni ina, bambo wa banjalo n'kumulembera pa dzanja nambala ya sitima yoyenera. Apa akuseka. Akuti ng'ombe zimagona pakati pa msewu ngati zalipira.

Wotsiriza ndi wa dzulo, pa foni ya mlonda wa pa hosteli. Wafika. Mawu ndi otsika. "Adadi, foni iyi mumaigwira m'mawa uliwonse, ndikudziwa. Ngati mwandikwiyira chifukwa cha zimene ndinanena zija, pepani. Ingotumizani ngakhale kadontho."

A Shamimu anatenga foni, anaimba nambalayo, n'kundiikira pa khutu. Anayankha bambo, m'chilankhulo chawo. Ine ndinangoti, "Zipora. Malawi." Kenako mapazi akuthamanga, chitseko, bamboyo akukuwa m'khonde, "Malawi! Malawi!"

Ndinadikira. Pa sitolo makasitomala anasiya kugula.

"Halo? Adadi?"

Ndinali nditakonza zambiri panjira. Ndinamufunsa ngati wadya. Anati wadya. Anafunsa ngati ine ndadya. Ndinati ndikukadya tsopano. Kenako mlonda anafuna foni yake. Z. aimbanso mawa akaweruka m'kalasi.

Ndafika kunyumba, ndaanula juzi yake, ndaphika. Foni ili patebulo, ndaisiya yoyatsa. Sindinayang'anebe ngati mawu a Enifa akadalimo.