Sefuliya Yoyankhula ndi Denga la Apongozi

Salima,
Nyasaland.
16 Novembala 1952.

Okondedwa achimwene Che Sidiki,

Salamu aleikum. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino ku Halale konko, inu ndi alamu anga. Ine ndili bwino zedi, ndanenepa mpaka malaya munandisiyira aja akukana mabatani.

Mwafunsa ngati wailesi munanditumizira ija ikuyankhula. Achimwene, chilengedwere dziko, ku Lifuwu sikunatchukeko munthu ngati mng'ono wanu Twaibu. Anthu akuitcha sefuliya yoyankhula chifukwa cha maonekedwe ake. Ndinaikhazika pa mtondo pansi pa mango, pakhomo pa apongozi pamene ndikukhala chikamwini, ndipo waya wake ndinakoleka kunsonga kumene ngakhale pusi amachita chizungulire. M'mawa uliwonse tikachoka kumzikiti, anthu ankadzaza bwalo. Tsiku lina ndinawawerenga mpaka mazana atatu, ndinatopa. Mkazi wanga Nafisa akuti anali khumi ndi anayi pamodzi ndi mbuzi, koma iye amawerenga utsi uli m'maso.

Nyimbo ankazikonda, nkhani za maiko ankangogwedezera mitu, koma chimene ankadzera kwenikweni ndi za nyengo. M'wailesimo muli bambo wina wa mawu onona amene amanena m'mawa ngati kugwe mvula kapena kuwombe mphepo. Pa bambo ameneyu mudzi unagawanika.

Che Ahmad, mwini makoka awiri aja, anandifunsa tsiku loyamba kuti, "Iwe Twaibu, munthu wakoyu amakhala kuti?"

Ndinati ku Lusaka.

"Ku Lusakako kuli nyanja?"

Ndinati kulibe.

"Nanga mwera amauonera m'chitsime?"

Anthu anaseka, koma m'mawa mwake Che Ahmad ndiwo anayamba kufika, atanyamula ndi mpando womwe.

A Fletcher, kalaliki wa thonje wa ku Chitala amene anakwatira kufupi ndi ife, ndiwo anali kumbali yanga. Ankati, "Azungu ali ndi galasi loyezera mitambo, inu Che Ahmad muli ndi bondo lotupa." Che Ahmad ankayankha kuti, "Bondo langali silinamizepo bwato. Galasi lanulo mwaliona ndi maso?" A shehe anangoti mvula ili m'manja mwa Mulungu, ndipo bamboyo akanakhala woleredwa bwino bwenzi akumaliza ndi inshallah. Kuyambira tsiku limenelo, iye akangomaliza, inshallah ndinkamuikira ndine. A Gladys ogulitsa zitumbuwa ankati, "Kaya aname, munthu wa mawu otere ndi wokhululukidwa." Amayi oyanika usipa ankadandaula kuti amathamanga poyankhula ngati wasiya mkaka pamoto, ndiponso amatchula maiko aatali osatchulako Lifuwu.

Apongozi anga Che Kulusumu sankabwera pabwalo, popeza mukudziwa kuti mpongozi ndi mkamwini sayang'anizana. Ankamvera ali kuseri kwa mpanda. Poyamba anauza Nafisa kuti sangakhulupirire munthu amene amayi ake sakudziwika. Koma pang'onopang'ono anayamba kumutuma Nafisa kudzafunsa asanayanike ufa kapena mpunga. Apo ndinadziwa kuti ndakula.

Tsopano pali kanthu kakang'ono kamene ndifuna mukamvere kwa ine, anthu ena asanakawonjezere mchere.

Kumayambiriro kwa Okutobala batire linayamba kutopa. Mawu anachepa ngati a udzudzu, kotero ndinkagunditsa khutu pa sefuliyayo n'kumawauza anthu zimene ndamva. M'mawa wina ndinagunditsa khutu, zii. Ndinapotokola, zii. Anthu onse maso ali pa ine, a Fletcher atavula chipewa kuti amve bwino. Nanga achimwene, munthu woti ndinafika Sitandade 2 ndikanaimirira n'kunena kuti sefuliya yafa? Ndinakweza chala, ndinagwedeza mutu, kenaka ndinati, "Akuti lero dzuwa liwala, kamphepo ka vuma pang'ono, inshallah."

Dzuwa linawaladi. Mawa lake chimodzimodzi. Masiku khumi ndi asanu ndi anayi sindinaphonye ngakhale kamodzi, mpaka a Fletcher anati bambo wa ku Lusaka masiku ano wakhwima pa ntchito. Kunena zoona mwezi wa Okutobala ngakhale nkhuku ikhoza kulosera dzuwa, komabe pamafunika mutu.

Denga la apongozi linkadontha kuyambira chaka chatha, ndipo kufolera ndi ntchito ya mkamwini. Udzu Nafisa ndi ang'ono ake anamweta kale mu Juni, koma ine ndinali wotanganidwa ndi anthu a pabwalo. Nditatsimikiza tsiku lofolera, Nafisa anabwera pabwalo, anagwada, n'kunena kuti, "Amayi akuti nyerere zikusamutsa mazira, ndipo mphepo ikununkha dothi. Akufunsa kuti munthu wanuyo akuti chiyani. Ngati kuli mvula, akuti mungoponya udzu watsopano pamwamba pa wakale."

Che Ahmad anasisita bondo nati, "Auze amako asasasule. Lero kuli kanthu."

A Fletcher anati, "Nyerere ndi bondo! Tiyeni timve kwa ophunzira."

Ndinagunditsa khutu nthawi yaitali kuposa masiku onse. Ndinati, "Akuti mvula kulibe sabata ino yonse." Inshallah tsiku limenelo ndinaiwala.

Ndinakwera padenga ngati nyalugwe, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditasasula udzu wonse, kwatsala phaso lokhalokha. Ndinatsika kukapuma pang'ono. Podzuka ndinaona kunyanja kwada bii. Chizimalupsa, achimwene, koma chaka chino chinabwera ndi abale ake onse. Mphepo inamwaza mitolo ya udzu watsopano mpaka kumunda kwa eni. Madzi analowa m'nyumba ngati akuthira ndi ndowa, mpunga wa mbewu unanyowa wonse, mphasa zinayandama, ndipo khoma lakuvuma linasungunuka n'kugona pansi. Palibe anavulala. Apongozi anaima pabwalo atafunda lichero kumutu.

Mvula itakata anthu anasonkhana. Che Ahmad sananyade, anangokhala pampando n'kutambasula mwendo uja kuti aliyense auone. A Fletcher ndiwo anapsa mtima, akuti alemba kalata ku Lusaka kuti bamboyo achotsedwe ntchito. Anafuna kumva dzina lake, ndiye anatenga sefuliya ija, anapotokola, anagunditsa khutu. Kenaka anazula timawaya ta batire n'kutigunditsa palilime.

"Twaibu," anatero, "ichi chinafa liti?"

Ine ndinkafunafuna yankho labwino, koma Nafisa anandiyang'ana, ndipo ndinangozyolika.

Zaka zitatu ndakhala pamudzi paja, apongozi sanandiyang'anepo kumaso kapena kundiyankhula okha popanda wotuma. Tsiku limenelo anachotsa lichero kumutu, anabwera mpaka pamene ndinaima, n'kundiyang'ana. Anati, "Zikomo bambo. Ndimayesa wandinamiza ndi mlendo wa ku Lusaka, ndimati n'kosadziwa kwake. Kani ndi mwana wa m'nyumba, amene ndimamuphikira." Anatembenuka n'kuyamba kutola mbale m'matope.

M'mawa mwake Che Saidi, amalume ake a Nafisa, anandipeza mwaulemu ndithu. Ananditengera mphasa, khasu ndi sefuliya ija mpaka panjira, nati, "Che Twaibu, papita nthawi musanakawaone amayi anu. Pitani mukawaone, musafulumire kubwera." Mawu amenewa mukuwadziwa tanthauzo lake.

Ndiye pempho langa ndi ili. Inu ndinu nkhoswe yanga, ndinu munakandipemphera mkazi pakhomo paja. Lembani kalata kwa Che Saidi, iwafike mwezi uno usanathe, chifukwa ndamva kuti abale akumana kuti aone ngati ukwati ulipo kapena watha. Musawauze kuti ndine munthu wanzeru, zimenezo ndinawauza kale ndekha. Mungoti ndi mng'ono wanga, walakwa, khoma amanga, denga afolera.

Za batire musavutike. Anthu a ku Lifuwu abwerera ku bondo la Che Ahmad, ndipo ndamva kuti a Gladys okha ndiwo akumusowa bambo wa ku Lusaka uja.

Amayi akupereka moni wambiri. Ndili kwa iwo ku Khombedza, ndikugona m'kanyumba kanu kakale kaja. Sanandikalipire, amangondipatsa chakudya n'kumandiyang'ana. Achemwali Habiba akuti moni, ndipo akuti mundiseke pang'ono pokha. Moni kwa alamu ndi ana onse. Moni wa Nafisa mulibe muno, popeza sakudziwa kuti ndikulemba. Ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndinkasunga kuti ndidzakudzidzimutseni, ndipo pakali pano iye ndi amayi ake akugona kukhitchini. Tchire lonse linapsa, udzu ukusowa, koma ndapeza wina kudambo la kumtunda, ndipo ndikumweta tsiku lililonse. Denga lija limafuna mitolo makumi anayi. Ndafika isanu ndi umodzi. Isanu ndi umodzi yeniyeni, achimwene, mukhoza kufunsa amayi.

Ndine mng'ono wanu,

Twaibu.