Kugogoda kwa Adada

Lachitatu madzulo, ku Hara.

Lero kunatentha, koma mtima wapepukako. Patha miyezi itatu Adada osanditchula dzina. Amandilonjera ngati mlendo: "Mwachokera kuti, mayi?"

Masana ndikuwameta ndevu pakhonde, kandege ka pulopela kanadutsa pamwamba pa minda ya mpunga. Adada anatchera khutu. Paunyamata wawo ankasamalira wailesi ya pabwalo la ndege ku Karonga. Wailesiyo inkalira motalika ndi mwachidule mosalekeza, kuti woyendetsa ndege amene ali m'mitambo atsatire kulirako mpaka apeze bwalo. Adada akaweruka ankagogoda chitseko cha kunyumba mofanana ndi kulira komweko, ife ana n'kudziwa kuti ndi iwo.

Ndinaika lumo pansi n'kuwagogoda padzanja ndi chala: motalika, mwachidule, motalika. Kenako chala chawo chinayankha pamkono panga, osaphonya.

"Wezi, mwana wane," anatero, "kawauze amama ako kuti ndafika."

Amama anatisiya zaka zisanu zapitazo. Ndinangoti, "Amva kale, Adada."

Tsaya limodzi latsala losameta. Mawa ndikamamaliza ndigogodanso, mwina...