Lole Yofuna Mtsetse

Pa Nsaru,
Lilongwe.
18 Julaye, 1948.

Okondedwa akulu anga a Hudson,

Vulani chipewa ndipo mukhale pansi, chifukwa uthenga ndili nawowu ndi waukulu: Lachiwiri lapitali, dzuwa litakwera pang'ono, lole yathu inalira. Inalira yokha, mothandizidwa ndi amuna asanu ndi anayi okha, ndiponso mayi wina amene ankangodzidutsira ndi mtolo wa nkhuni. Inayenda mpaka pamlatho, kenaka inakumbukira ukalamba wake.

Ine ndili bwino, kungoti msana. Kaya inu kumeneko ku Halale?

Mukukumbukira kuti pamene munatumiza ndalama zija kuti tiigule kwa mzungu wa esiteti, tinkanyadira kuti ndi ya dizilo, sidya mafuta ambiri. Zoonadi sidya. Munthu wogona tsiku lonse chakudya sachifuna kwenikweni. Kuno anthu anaipatsa dzina loti Kankhani, ndipo akandiona ndikubwera kudzapereka moni, amuna onse amakumbukira kuti ali ndi ntchito kudimba. Nyengo yozizira ino ndimaikolezera moto kunsi kwa mimba ngati mayi wa m'chikuta, apo ayi singatsokomole n'komwe.

Batire inafa chaka chatha, choncho lole iyenera kugona pamtsetse kuti m'mawa ikankhike. Tsono kwawo kwa mlamu wanu Zelifa ku Kabudula, kumene ndili pachikamwini, dziko ndi lathyathyathya ngati lichero. Mtsetse wabwino uli kuno ku Nsaru, kuseri kwa sitolo ya a Omari. Kumene igona lole, mwini wake agonanso komweko, kuopa akuba matayala. Umu ndi mmene ine, mphunzitsi wakale wodziwa kulemba Chingerezi, ndinasandukira mlonda wa chitsulo.

Tsopano yadwala pampu ya mafuta. Makaniko wa ku Lilongwe anaiika kukhutu, naigwedeza ngati dzira lokayikitsa, nati ina iyenera kuchokera ku Joni, miyezi itatu, mtengo wake ng'ombe zinayi. Matayala awiri akutsogolo ndawasoka kale ndi chikopa.

A Omari akuifuna. Dzana anandiitanira pakhonde, nandithirira tiyi.

"Aphunzitsi, ndigulitseni. Ndichotsa injini iziyendetsa chigayo."

Ine ndinati, "Nanga thupi lake?"

"Nkhuku zanga zilibe khola."

"A Omari, imeneyi ndi galimoto, yafikapo ku Salima kawiri."

"Eti? Nanga pobwera inabwera yokha? Tamverani, injini imeneyi si yoipa, kungoti kuyenda sikufuna. Ipatseni ntchito yokhala pansi ngati kalaliki, muona."

Ndinaseka, koma munthuyo ananena zoona.

Kumudzi nako mawu analipo. Pokolola, a Jameson, atsibweni ake a Zelifa, anandikhazika pansi pa nkhokwe yopanda kanthu.

"Akamwini, munda tinakupatsani?"

"Munandipatsa."

"Analima ndani?"

"Mayi a kunyumba."

"Denga anafolera ndani?"

Ndinayamba kufotokoza za phindu la mtengatenga m'dziko limene likutukuka. Anandimvera mpaka kumapeto, pakuti ndi munthu waulemu, kenaka anati, "Ife tinkafuna mkamwini, osati utsi. Sankhani, khasu kapena chigalimoto chanucho. Ankhoswe akumana mwezi ukaoneka."

Pondiperekeza, Zelifa anangoti, "Bambo a Alick, ine sindidana nayo galimotoyo. Koma mwana akatentha thupi, ndizituma munthu ku Nsaru?"

Tsono akulu anga, popeza theka la lole ndi lanu, kaya ndi theka lakutsogolo kaya lakumbuyo, ndiuzeni: tigulitse kwa a Omari kapena tidikire pampu? Ine mtima uli pawiri. Ndikaiyang'ana m'mawa, mame ali pagalasi, ndimaona zonse zimene tathiramo, ndipo ndimati pampu yokhayi basi, ikatero yachira. Koma ndinanenanso chimodzimodzi pa batire, pa masipuling'i ndi pa mabuleki. Ndatopa, akulu. Manja anga sayeranso ngakhale ndi mchenga.

Pali kanthu kena kamene ndakhala ndikukazungulira kuyambira pamwamba pa pepalali.

Ankhoswe anakumana kale, Loweruka la sabata yatha ija. Ine ndinaganiza zokafika pabwalo pa lole, itasenza katundu, kuti a Jameson aone ndi maso kuti chitsulochi chimagwira ntchito. Mlimi wina wa kuno ku Nsaru anali atandipatsa mabelo asanu ndi limodzi a fodya, ndiye ndinati ndidzera pamudzi, tikambe mlandu, kenaka ndipitirire kumsika. Tinafika padambo lija la pakati panjira, pamene palibe mtsetse ngakhale wa nyerere, ndipo inazima. Wapansi ndikanafika dzuwa lisanapendeke. Koma fodya wa mwini sasiyidwa patchire, ndiponso, ndisaname, ndinachita manyazi kukafika wapansi, mafuta ali bii kumaso. Ndinati ndiyese kamodzi kokha. Ndinayesa masiku atatu.

Ankhoswe anadikira mpaka madzulo, kenaka anaweruza popanda ine kuti banja latha. Nkhoswe yathu inabwera ndi bokosi langa pamutu. Malaya onse anali ochapa ndi opinda bwino, ndipo aja ong'ambika pamkono Zelifa anawasoka.

Choncho poyankha musavutike ndi kuganizira banja langa. Lingalirani za lole yokha. Mayi kwathu sindinawauze, ndipo ndikupemphani kuti musandiyambirire.

Perekani moni kwa alamu ndi ana onse, ndi kwa anzathu a kuno amene muli nawo kumeneko. A Omari akuti moni. Moni wa ana anga sindingakupatseni, chifukwa sindinawaone chikololere. Wogula mchere wina wochokera ku Kabudula wandiuza kuti Alick akufunsa ngati ndidzabwera kudzamusemera khasu laling'ono lija ndinamulonjeza, ndiponso kuti Tisiyenji wamera mano awiri.

Ndine mng'ono wanu,
Raphael.