Belu Latsopano la a Hedi

Loweruka, 11 Okutobala

Komiti yakhalanso pansi pa mango kuseri kwa nyumba. Ndimaitcha Komiti ya Boneti, chifukwa ntchito yake ndi imodzi: kutsegula boneti ya galimoto yathu, kugwira m'chiuno, ndi kupukusa mitu ngati afika pamaliro. Wapampando ndi a Albert, a Hedi a sukulu yathu ino. Galimoto yawo yakhala pa njerwa zaka zinayi, nkhuku zaswera mibadwo itatu pampando wa dalaivala. Wachiwiri ndi Friday wa ku zaulimi. Ameneyu alibe ngakhale wilibala, koma foni yake yadzaza mavidiyo, ndiye amisiri onse a ku Japan kwa iye ndi ana. Wachitatu ndi a Jason, amuna anga, eni galimoto. Udindo wawo ndi kuvomera ndi kugula maheu.

Ine ndinali pakhonde ndi mimba yanga ya miyezi isanu ndi inayi, miyendo m'beseni. Tembwe mu Okutobala si malo a munthu wapakati.

Lero agamula kuti galimoto ikuoneka ngati ya abusa opuma ntchito. Ati ifunika malimu akuluakulu onyezimira, zitsulo zovekapo matayala zija, matayala ake opyapyala, ndi nyimbo zomveka mpaka ku Kambombo, zonse zisanafike za ufulu wa dziko lathu pa 24. A J., amuna angawo, anaseka ngati mwana wouzidwa kuti ndi wanzeru.

Lolemba, 13 Okutobala

Sikelo. Anesi, a Agness, sanazungulire. Ati mwana wakhala chopingasa, sanatembenuke, ndipo pano sangayese n'komwe kundibereketsa. Pa 27 ndikhale ndili kuchipatala ku Chama, ndikadikire kumeneko. "Aphunzitsi, musandichititsenso zija," anatero.

Zija. Zaka ziwiri zapitazo, Febuluwale. Tinadikira galimoto ya munthu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pamene tinkafika ku Chama, kamnyamata kanga kanali katasiya kale kugunda. Anakaika ndi amayi okhaokha, monga mwa mwambo, a J. anatsala panyumba ndi amuna anzawo. Nthawi zina ndimaganiza kuti n'chifukwa chake iwo amatha kuiwala. Sanaone kukula kwa dzenje lija.

Galimotoyi tinaigulira zimenezi basi. Osati ukwati, osati za ufulu, osati Friday. Ndawakumbutsa madzulo ano tikudya. Ati, "Irene, ukuganiza kuti ine ndine mwana?" Ndinameza yankho pamodzi ndi therere.

Lachitatu, 15 Okutobala

A Jeremiah anaima ndi lole yawo pasukulu kupempha madzi a injini. Ndi aja amanyamula mpunga kupita nawo ku Lundazi, njira iyi ayenda zaka makumi awiri. Friday anawaonetsa chithunzi cha malimu pafoni. Anayang'ana, n'kubweza foniyo mwaulemu ngati kapu ya eni.

"Yayi. Tayala lopyapyala ndi la pa tala. Kuno zitsa za mitengo ya mupani zimadya mphira. Musiyeni motoka na nsapato zake."

Atangochoka, a Hedi ati, "Dalaivala wa lole angadziwe chiyani za galimoto yaing'ono? Munthu wa giredi seveni." Onse anaseka. Munthu yekhayo amene galimoto yake imayenda ndiye amene sadziwa kanthu. Chabwino.

Lachisanu, 17 Okutobala

A Jason ndi Friday apita ku Lundazi. Ati kukasintha oilo. Oilo wa masiku awiri.

Sondo, 19 Okutobala

Abwera. Ndinamva galimoto isanaoneke, mbale zikunjenjemera pa shelefu, du du du, mwana m'mimba n'kuyamba kuponda. Matayala akale anayi aja asinthanitsa ndi atsopano. Malimu akuwala ngati mano a golide, tayala lenileni ndi kachala chabe, ngati apaka mphira ndi supuni.

Ndinafunsa chinthu chimodzi: kodi ifika ku Chama? Friday ndi amene anayankha, ngati ndinakwatiwa ndi iye. "Alamu, manje iyi ndi ndege. Pamchenga izingouluka." Ndinati ndege ya ku Tembwe imatera pa chitsa. A J. ati ndili ndi mtima wa mimba, ndipumule.

Ndinafuna kuika mpando wanga wopinda m'buti, anandilanda, ati aika okha, ine ndisanyamule zolemera. Chikondi chadzidzidzi chotere ndimachiopa.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Sukulu yapeza belu latsopano. Khasu lothyoka lija tinkamenya zaka zonsezi alitaya, manje pamtengo pa asembule palendewera limu lagalimoto. Kunena zoona likulira bwino. Ngwe, ngwe, mpaka kumadimba. Ana afika msanga lero koyamba chitsegulire. A Hedi akuyenda chifuwa patsogolo, ati ndi mphatso ya munthu wokonda maphunziro amene safuna kutchulidwa.

Pakhomo pa ofesi yawo agonekaponso tayala, adzaza dothi, alipaka laimu kukonzekera za ufulu. Anandipempha maluwa. Ndawapatsa mbande zanga zofiira zija, ndaonetsanso pobzala. Tayala lake labwinobwino, mizere ikadali yakuya. Anthu ena ali nazo zotaya.

Lachinayi, 23 Okutobala

Komiti tsiku lonse. Mkangano wa lero: kodi ekizozi aiboole kuti izilira ngati ya mpikisano? A Hedi ati kuboola kumawonjezera mphamvu. Friday ati ayi, kumawonjezera ulemu chabe, mphamvu imabwera ndi zomatamata za pagalasi. Amatapo chithunzi cha nkhwazi kumbuyo konse, moti dalaivala sangaone chimene chikumutsata.

Ndinawamva akuuzana za pampu ya matayala, uyu ati makumi atatu, uyu ati makumi anayi, a Hedi ati iwo amangoponda ndi phazi n'kudziwa. Phazi lomwelo lapondapo matayala awo akuphwa zaka zinayi osamva kanthu.

Chikwama changa ndalongedza. Zitenje zisanu ndi chimodzi, beseni, tizovala. Tija tinatsala ulendo watha ndatiikanso. Ndinalira pang'ono, kenako ndinakaphika.

Lachisanu, 24 Okutobala

Za ufulu. Galimoto yathu inatsogolera ana a sukulu kuzungulira bwalo, mbendera pa boneti, nyimbo zikugwedeza fumbi. Mbuzi za m'mudzi zinathawira kumtsinje. Amayi ena anavina n'kumanditcha mkazi wa bwana. Ndisaname m'buku langa lomwe: ndinanyadira. Mphindi khumi zathunthu ndinali chitsiru pamodzi ndi Komiti.

A J. anasangalala ngati tsiku la ukwati wathu. Mwina kuposa.

Lolemba, 27 Okutobala

Tinyamuka ikamakwana eyiti. Msana ukuwawa chapansi kuyambira m'bandakucha, sindinauze munthu. Belu langolira kumene.

Lachinayi, 30 Okutobala

Chama, m'chipatala. Lero ndiye ndakwanitsa kugwira bolopeni. Ndilembe zonse ndisanayambe kuzifewetsa.

Tinayenda ola limodzi bwinobwino. Friday anakwera nafe, ati ali ndi msonkhano ku boma, anakhala kutsogolo, ine kumbuyo ndi chikwama. Njira yonse ankaphunzitsa a J. kuyendetsa. Tili pakati pa mitengo ya mipani, pamene palibe mudzi, palibe netiweki, ndinangomva phuu, galimoto n'kupendekera kumanzere. Chitsa. Tayala linang'ambika m'mbali ngati thumba la saka, limu lonyezimira lija n'kupindika.

Nthawi yomweyo madzi anasweka. Ndinati, "A Jason, yayamba. Sinthani msanga."

Sanasunthe. Anayang'ana Friday, Friday anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Ndinatsika ndekha, ndikugwira chitseko, n'kukatsegula buti. Ndinatukula kapeti. Pamalo pa tayala la sipeya panali bokosi lakuda lokutidwa ndi nsalu, masipika awiri akundiyang'ana ngati maso a kadzidzi. Jeke inalipo. Sipanala inalipo. Zonse zosinthira tayala zinalipo kupatula tayala.

"Sipeya ili kuti?"

"Siikugwirizana ndi malimu atsopano," anatero Friday. "Ikanawononga magiya, alamu. Ndinaona pavidiyo."

"Sindikufunsa iwe. A Jason, sipeya ili kuti?"

Anayankha akuyang'ana nsapato. "Kusukulu."

"Kusukulu pati?"

"Pamtengo. Tayala lake lili pa ofesi ya a Hedi."

Ndinaseka. Ndithu ndinaseka, mpaka ululu unandigwira n'kundigwaditsa pamchenga wotentha. Sabata yonse ndadzuka ndi sipeya yanga, ndikuiyamikira kuti ikulira bwino. Ndabzalamo maluwa ndi manja anga. Nditapezanso mpweya ndinawauza mawu amene ndawasunga zaka ziwiri. Ndinati, "Inu simunapite kukaika mwana uja. Lero mupita. Mukumba ndi jeke yanuyo, Friday akuuzani kuya kwake."

A J. anasanduka phulusa kumaso. Anavula shati, anaiyala pamthunzi, anandikhazika, n'kuyamba kuthamanga kulowera kumene tinachokera. Munthu amene sayenda wapansi ngakhale kupita kutchalitchi. Friday anatsala nane, ndipo kwa nthawi yoyamba chimudziwire analibe malangizo. Anandikupiza ndi katoni. Ndinaopa kwambiri. Ndinkangoika dzanja pamimba n'kumati gunda, gunda, usaleke.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Dzuwa linali pamutu pamene ndinamva injini yolemera. Lole ya a Jeremiah, mpunga mpaka pamwamba, a J. ataima pachitseko, mapazi ali magazi, nsapato imodzi palibe. Anaipeza ikupakira pamudzi wina, makilomita asanu ndi awiri kumbuyo, ndipo akuti anagona pamsewu kutsogolo kwake.

A Jeremiah sananene kanthu za matayala. Sanayang'ane n'komwe. Anatsitsa katundu wa kutsogolo, anandigoneka pampando, mutu pamiyendo ya a J., n'kuyendetsa lole ija ngati anyamula mazira, koma osaima. Friday tinamusiya akulondera ndege yake.

Anandichita opaleshoni cha m'ma folo. Mtsikana. Sanalire msanga. Ndinamva anesi akulankhula motsitsa, ndinamva kuwomba kwa dzanja pakamsana, kenako kamawu kokwiya ngati ka mwana wa mbuzi. Adokotala ati ola lina limodzi bwenzi tikukamba zina.

Dzina ndi Hazel. Ndasankha ndekha, sindinaitane komiti.

Loweruka, 1 Novembala

A Hedi atumiza uthenga pafoni. Ati zikomo Mulungu, ndiponso mwana asamagone chafufumimba, anawerenga penapake. A Agness atumiza mawu awiri okha: "Mwachita bwino."

A J. amabwera m'mawa uliwonse ndi phala, amakhala pampando, amayang'ana mwana. Amayankhula ndi iye, osati ndi ine. Dzulo sanabwere, ati ali ndi ntchito ku Tembwe. Sindinafunse. Chilonda chikuwawa ndikaseka, ndiye ndi bwino kuti palibe chondiseketsa.

Lachiwiri, 4 Novembala

Atitulutsa. Ndinatuluka pang'onopang'ono, Hazel m'manja, ndikuganiza kuti ndipempha a Jeremiah atitenge. Panja panali galimoto yathu. Malimu akuda achitsulo, onyansa, matayala onenepa. Nkhwazi yapagalasi yamatulidwa, patsala guluu. Yabwereranso kukhala ya abusa opuma ntchito.

A Hedi analiponso, abwera nawo ku boma pa nkhani za mayeso, wezulo ili pakhosi. Ati manje ana akulowa ndi wezulo, ndipo akuchedwanso.

A J. sananditsegulire chitseko. Anapita kumbuyo, anatsegula buti, anatukula kapeti, n'kuima pambali. Sipeya inali m'malo mwake. Tayala loyera ndi laimu, dothi lofiira likadali m'mizere, limu lili ndi timabala tambirimbiri ta chitsulo chomenyera belu. Anali atalipopa. Ndinapatsa a J. mwana, ndinawerama momwe chilonda chinalolera, n'kudinikiza ndi chala. Lolimba.

"Koma pampu yake mwaika zingati?" anayamba a Hedi. "Chifukwa tayala loti lakhala padzuwa lifunika..."

"A Hedi," anatero a J., osakweza mawu, "khalani chete."

Anakhaladi chete, mpaka Tembwe.

Tinayenda pang'onopang'ono, opanda nyimbo. Pa mipani paja a J. anachepetsa liwiro, nsapato yawo imodzi sitinaione. Sindinawakhululukirebe. Koma tikuyandikira kwathu anafunsa, maso ali pamsewu, ngati Loweruka ndingawaonetse pamene tinaika mnyamata uja. Ndinati ndi patali, galimoto siifika. Ati ayenda wapansi.