Zoya Akagogoda, Mumutsegulire

Fulton, Missouri
Malichi 1946

Okondedwa Azakhali a Opal,

Ndikhulupirira mwendo uja sukukuvutani ndi kuzizira kwa ku Chicagoko. Kuno tilipo, ng'ombe ya amayi yabereka.

Munamva pa wailesi zimene analankhula mlendo wa ku Mangalande uja pakoleji yathu, zoti katani yachitsulo yagawa Ulaya pakati, ndipo Arasha, anzathu a pankhondo aja, tizichenjera nawo. Tsikulo azimayi a kutchalitchi tinkagulitsa khofi ndi buledi pamsewu. Zoya, Mrasha amene achimwene a Wendell anamukwatira n'kubwera naye kuchokera kunkhondo, analawirira kudzatithandiza.

Zolankhula zitatha, Mayi Pruitt, mmodzi wa azimayiwo, anandikodola. "Iwe Loretta, Mrasha wanuyu ali mbali iti ya kataniyo? Mipeni mumabisa koma?"

Onse anaseka. Inenso ndinaseka, Azakhali. Ndinati, "Musandifunse ine, si m'bale wanga. Tinangomupeza m'chikwama cha achimwene."

Nditacheuka, Zoya anali kumbuyo kwanga, ketulo ili m'manja. Anatithirira khofi tonse.

Lachisanu anakwera basi osatsanzika. Achimwene akuzungulira tauni yonse kufunsa amene anamulakwira. Amandifunsanso ine ndikamawapatsa chakudya, ndipo ndimangoyang'ana m'mbale.

Kunja kwa Fulton, khomo limene Zoya amalidziwa ndi lanu lokha. Akagogoda, chonde mumutsegulire. Musamulole kunyamula zolemera. Amayi sanauzidwebe, koma inu mukangomuona mudzadziwa kuti ndi woyembekezera.

Ndine mwana wa mchimwene wanu,
Loretta