Chimera cha Amayi

Kasakula, Ntchisi
8 Disembala 2024

Okondedwa achemwali a Faines,

Ndikhulupirira muli bwino ku yunivesite ku Joniko. Kuno mvula yagwa, koma bondo la abambo latupanso, ndiye khasu lili ndi ine ndekha.

Za chimera chimene munapempha chija. Ndinachita zonse monga munanenera. Ndinanyika mawere ofiira amene malemu amayi anasiya, ndinawavundikira mpaka anamera, ndipo ndinayanika pamthunzi. Ndinawafotokozeranso abambo kuti mukufufuza kanthu kamene kamatsekemeretsa thobwa, kotchedwa enzaimu. Ndinati mumakaika m'makina ozungulira mwaliwiro, n'kumaona mmene kakumirira m'madzi, ndipo kakagwirana ndi kanzake kamamira msanga. Anaseka, amvekere sukulu yonseyi kuti mwana akaphunzire thobwa.

Tsiku loti a Nathaniel, aneba athu opita ku Joni aja, anyamule phukusi, ndinapita nawo abambo kuchipatala. Pobwera ndinamva kafungo kabwino ndili kumsewu. Azakhali a Susana anali atakazinga chimera chonse, ndipo anachimanga bwinobwino pamodzi ndi mtedza.

"Mwana wa kutali sitimutumizira chachiwisi, chingavunde m'njira," anatero akumwetulira.

Achemwali, munanenetsa kuti kanthuko kamafa ndi moto. Ndinangokhala pansi. Ndikanamukalipira bwanji munthu amene anapsa chala pokazinga chifukwa chokukondani? Phukusilo linapita choncho ndi a Nathaniel.

Mawere atsala odzaza chikho chimodzi, ndipo mtundu umenewu ndaufunsa mpaka ku Bowe, kulibe. Ndikawanyika, mumaliza maphunziro pa nthawi yake, koma mbewu ya amayi ithera m'makinamo. Ndikawafesa, mudikira mpaka tikolole, ndipo sindikudziwa ngati aphunzitsi anu angalole. Vutoli ndaliganizira mpaka mutu kuwawa, popanda wondithandiza, chifukwa foni yanu imangoitana.

Ndiye dzulo ndawafesa, kuseri kwa khola kumene amayi ankafesa. Kwiyani ndithu, ndilibe mphamvu zotsutsana nanu. Ndatopa, achemwali. Munati zogwirana ndiye zimamira msanga, koma ine kuno ndili ndekha ndipo ndikumira.

Azakhali akupereka moni, akufunsa ngati mtedza unakoma. Sindinawauze kanthu, nanunso musawauze. Abambo akuti chimera sadzatumizanso ndi munthu. Wochifuna adzabwere kudzakolola yekha, adzaonenso pamene tinaika mayi ake.

Ndine mlongo wanu,
Obadiya