Anthu Amene Ndinawapeza ku Thanki

Kande, Nkhata Bay
9 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene a Zakeyo,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dedzako pamodzi ndi amayi, alamu ndi ana. Musadabwe kuona mwana wanga Mercy wafika pakati pa teremu ndi mnzanga wakuntchito. Pa foni sindikanatha kukuuzani izi, chifukwa masiku ano ndikuopa ngakhale mawu anga omwe.

Mwezi watha mipopi yonse ya m'mudzi muno inauma. Anthu anayamba kumwa madzi a m'nyanja, ndipo ine monga wazaumoyo ndinatumiza ana asanu kuchipatala akutsegula m'mimba. Tinalembera ku boma kawiri, koma kunali zii. Ndiye m'mawa wina ndinakwera phiri kukaona thanki yomwe imatipatsa madzi, ndili ndi a NyaMhone, apampando a komiti ya madzi.

Tinapeza paipi yaikulu itadulidwa, wina atalumikiza kapaipi kolowera m'kanyumba kosungiramo zipangizo. Pachitseko panali loko wachilendo. Kenako tinamva munthu akutsokomola m'katimo. Nditasuzumira pawindo, achimwene, ndinaona anthu. Munali amuna khumi ndi asanu ndi awiri, owonda, othinana ngati usipa pathandala. Sanali a dziko lino. Mmodzi anali gone pansi, ntchentche zili pakamwa, mnzake akundilozera iyeyo uku akulira m'chilankhulo chomwe sindinachimvepo.

Tikutembenuka, tinakumana maso ndi maso ndi a Khumbo, mwini maboti awiri a injini kuno, atanyamula thumba la mabanzi. Anangomwetulira n'kundipatsa moni wa Chitonga nati, "Mwayuka uli, adokotala? Mwakwera phiri m'mawa chonchi?"

Tsiku lomwelo ndinakanena kupolisi. Anthu aja anawatenga, koma wodwala uja anafera m'njira. A Khumbo anamangidwa, ndipo zinamveka kuti amawolotsa anthuwa panyanja mozemba n'kuwasunga kuphiri kudikira galimoto yopita nawo kum'mwera. Ndinkaganiza kuti zatha. Patangopita masiku anayi, ndinawaona a Khumbo kudoko akukonza injini yawo, akuimba mluzu.

Akuluakulu a boma atabwera ku msonkhano wokonza paipi, ndinalimba mtima n'kuimirira. Ndinati, "Bwana, munthu wafa, ana athu adwala. Watulutsa a Khumbo ndani, ndipo chifukwa chiyani?" Mkulu wina anavula magalasi nati, "Amayi, uno ndi msonkhano wa madzi. Za chitetezo tisiyireni, tikufufuza." Palibe anandiikira kumbuyo. Potuluka, a NyaMhone anandinong'oneza kuti, "Inu mudzasamutsidwa, ife manda athu ali konkuno."

Lachiwiri la sabata yatha linali tsiku la sikelo ya ana. A Khumbo anabwera okha ndi khanda lawo, chinthu chimene sanachitepo. Ndikulemba m'buku, anaweramira pafupi nane nati, "Mwana wanu Mercy ndi waulemu kwambiri. Ndimamuona akamachokera kusukulu, yekhayekha, panjira ija ya m'chinangwa. Ana ngofunika kuwasamala." Cholembera chinandigwa m'manja. Iwo anachitola n'kundipatsa.

Tsopano ndikuuzeni chimene chikundidya mtima. Dzana kunabwera wapolisi ndi pepala loti ndibwerezenso umboni wanga. Ndinanena kuti anthuwo ndinawaona, koma munthu wa thumba la mabanzi sindinamuone nkhope. Ndinasaina, achimwene. Wapolisiyo sanandifunsenso kanthu, anangopinda pepalalo ngati amene ankayembekezera zomwezo. Inu munandilera bambo atamwalira, ndipo simunandiphunzitse bodza. Wodwala uja anafa kutali ndi kwawo, dzina lake sitikulidziwa, ndipo ine amene ndikanamulankhulira ndatseka pakamwa. Koma ndikanatani?

Ndikupempheni mumulandire Mercy. Mukamupezere malo pasukulu ya pafupi nanu. Makalata ake ali m'chikwama. Iye akudziwa kuti wabwera kudzathandiza agogo ake, musamuuze zina. Ine sindingachoke pano mwadzidzidzi, a Khumbo angaganize kuti ndapita kukanena kwina. Ndapempha kuti andisamutse, ndipo ndidikira yankho ndikugwira ntchito ngati palibe chachitika.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndikudziwa nyumba ndi yopanikiza kale, Mulungu adzawabwezera. Kwa amayi muwauze kuti ndili bwino ndipo ndanenepa. Mercy akamafunsa kuti ndibwera liti, muzimuuza kuti pa Khirisimasi. Tsitsi lake ndamuluka ndekha m'mawa uno; musafulumire kulimasula.

Ndine mlongo wanu,
Hellen